Kusunga mafayilo a pa kompyuta pa flash kapena hard drive yakunja

Anthu ambiri akamati "ndinasunga pa flash" amakhala kuti anangosamutsa. Anatenga zithunzi za ukwati, makalata ofunsira ntchito ndi maakaunti a bizinesi n'kuziika pa flash kuti laputopu ipepukidwe, kenako n'kuzifufuta pa laputopupo. Zikatero ndiye kuti zonsezo zili pamalo amodzi basi, malo akenso ndi kanthu kamene kamaiwalika m'thumba la thalauza n'kuchapidwa nako. Kusunga kwenikweni n'kukhala ndi makope awiri kapena atatu: lina pa kompyuta, lina pa chipangizo choti mukhoza kuzula n'kukachiika kwina.

Musanagule chilichonse, onani kaye kuchuluka kwa katundu wanu. Pa Windows, lowani mu C, mutsegule Users, mudine kumanja pa foda ya dzina lanu n'kusankha Properties. Ngati zambiri ndi zolembalemba, flash ya 32GB ikwanira. Koma ngati muli zithunzi ndi mavidiyo a zaka zingapo, gulani hard drive yakunja, ndipo ikhale yokula kuwirikiza kawiri zimene muli nazo lero, chifukwa zithunzi sizisiya kuchuluka. Hard drive wamba ili ndi mbale yozungulira m'kati mwake, zambiri maulendo 5,400 pa mphindi imodzi, choncho musamaigwedeze kapena kuinyamula ikamagwira ntchito. SSD yakunja ilibe mbale ndipo imapirira ikagwa, kungoti ndi yodula.

Chenjerani ndi flash yotchipa modabwitsa. Pali zina zolembedwa 128GB kapena 1TB pamene m'kati mwake muli malo ochepa kwambiri. Kompyuta imanamizidwa, imasonyeza kuti zonse zalowa, mayina a mafayilo amaonekanso bwinobwino, koma mukadzatsegula mumapeza kuti ambiri anawonongeka. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza flash yonse n'kuiwerenganso kuti ione ngati kukula kwake kuli koona. Imatenga nthawi, komabe ndi bwino kudikira madzulo amodzi flash ikadali yopanda kanthu.

Ma flash ambiri ang'onoang'ono amabwera ali pa FAT32, ndipo FAT32 imakana fayilo iliyonse yoposa 4GB ngakhale malo atakhalapo ochuluka. N'chifukwa chake vidiyo ya chinkhoswe imakanika kulowa. Ifomateni pa exFAT, imene Windows ndi Mac zonse zimawerenga ndi kulembapo. Hard drive imene muziigwiritsa ntchito pa Windows pokha isiyeni pa NTFS. Kufomata kumafufuta zonse, ndiye chitani zimenezi musanaikemo kanthu.

Tsopano kukopera. Pangani foda pa chipangizocho, muipatse dzina la deti, kuyambira chaka, mwezi, kenako tsiku, monga 2025-03-31, kuti mafoda azisanjika okha motsatana. Koperanimo Desktop, Documents, Pictures, Videos ndi Downloads. Downloads ndi imene ambiri amaiiwala, chonsecho ndi mmene mumagwera masatifiketi ndi malisiti obwera pa imelo. Sankhani Copy, osati Cut. Mapulogalamu ngati Word musavutike nawo, sagwira ntchito mukangokopera foda yake, amafunika kuwaikanso mwatsopano. Mukadzakoperanso mwezi wamawa musafufute foda yakale msanga: fayilo ikawonongeka pa kompyuta inu osadziwa, kope latsopano limatengera kuwonongeka komweko, ndipo chokupulumutsani chimakhala kope lakalelo.

Amene amaiwalaiwala alole kompyuta izichita yokha. Kuyambira pa Windows 8, imene inatuluka mu 2012, muli File History: lumikizani hard drive, lowani mu Control Panel, mutsegule File History n'kudina Turn on. Imakopera mafayilo amene asintha ola lililonse hard drive ikakhala yolumikizidwa, ndipo imasunganso mmene fayilo inalili poyamba. Ingoonetsetsani kuti mafoda onse amene mukufuna ali pa mndandanda wake. A Mac ali ndi Time Machine kuyambira mu 2007.

Mukamaliza dinani Eject, mudikire uthenga, kenako muzule. Kuzula mwachangu, kapena magetsi kuthima kukopera kuli m'kati, kukhoza kusokoneza chipangizo chonse, choncho pa laputopu yambani batire ili yodzaza.

Ndipo zulanidi. Hard drive yokhala pa kompyuta usana ndi usiku imagwa m'tsoka limodzi ndi kompyutayo. Mavairasi otseka mafayilo n'kumafuna dipo, a mtundu wa WannaCry imene inagwira makompyuta m'mayiko oposa 150 mu May 2017, amatha kutsekanso zimene zili pa chipangizo cholumikizidwa. Wakuba naye akanyamula chikwama cha laputopu sasiya hard drive imene ili m'kathumba ka pambali. Akatswiri amatchula lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kunja kwa nyumba. Pakhomo wamba, kope lakunjalo likhoza kukhala flash ya zikalata zofunika kwambiri yosungitsidwa kwa mbale wodalirika.

Kamodzikamodzi lumikizani chipangizocho pa kompyuta ina yodalirika, mutsegule zithunzi zingapo, chikalata ndi vidiyo, muone ngati zikutseguka. Koma flash yosungirayi isamapite kokapulintitsa. Makompyuta a m'malo otero amalandira ma flash a anthu tsiku lonse, ndipo kumeneko n'kumene ambiri amatengera vairasi imene imasandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Zikakuchitikirani musathamangire kufomata, ndiponso musadine ma shortcut amenewo. Nthawi zambiri mafayilo amakhala alipo, angobisidwa. Yambani mwachotsa vairasiyo ndi antivirus, kenako muuze Windows ionetse mafayilo obisika, kuphatikizapo amene imawateteza ngati akeake, muwakopere pamalo abwino, ndiyeno mufomate flashyo.