Wotchi Yaitali ya Matabwa: Yambani ndi Makina, Bokosi Pambuyo

Wotchi yoima pansi, yotalika kuposa munthu, yomwe Angelezi amaitcha grandfather clock, inayamba ku England cha m'ma 1670, Christiaan Huygens atapanga kale wotchi ya pendulamu mu 1656. Kutalika kwakeko si matama ayi. Pendulamu yogunda kamodzi pa sekondi imatalika pafupifupi masentimita 99, ndipo zitsulo zolemera zimene zimakoka makina zimafuna mpata wotsikira pang'onopang'ono kwa masiku 8. Bokosi ndi nyumba chabe ya zinthu ziwirizi. M'mera mpoyamba, choncho musanagwire sowo tsatirani izi.

1. Gulani makina kaye. Wopala matabwa makina asanafike amadzalira pendulamu ikamagunda m'mbali mwa bokosi. Makina akakhala m'manja, yezani ndi tepi utali wa pendulamu, kukula kwa nkhope ya wotchi, ndi mtunda umene zitsulo zidzatsike.

2. Yezani chipinda. Wotchi zambiri zotere zimatalika mamita 1.8 mpaka 2.4. Siyani mpata pansi pa siling'i, ndipo sankhani khoma losawomba dzuwa, losachita chinyezi.

3. Jambulani wotchi yonse pa makatoni olumikiza, mu msinkhu wake weniweni. Igaweni patatu: mutu wosunga makina, thupi lowonda la pendulamu, ndi tsinde lotakata. Mangani mwala ku chingwe chotalika ngati pendulamu imene mwayeza ija, muchigwedeze kutsogolo kwa chojambulacho. Mwala ukamafika pa mzere wa m'mbali, kulitsani thupi kuti patsale mpata wa zala ziwiri uku ndi uku. Yedzamitsani katoniyo pakhoma masiku angapo. Mutu ukakula mopitirira, diso lidzakuuzani.

4. Sankhani matabwa ouma gwa. Mlombwa supindika msanga, mbawa imapalika bwino ndipo imawala ikapakidwa vanishi. Paini ndi wotsika mtengo, koma ngofewa ndipo chiswe chimamukonda. Thabwa laliwisi likayamba kuuma, chitseko chimakana kutsekeka.

5. Konzani zoti mutu uzisololoka chakutsogolo ngati dirowa. Tsiku lothira mafuta mu makina mudzathokoza. Thabwa lokhazikapo makina likhale lochindikala, chifukwa kulemera konse kwa zitsulo kumalendewera pamenepo.

6. Thabwa lakumbuyo likhale ndi bowo la sikuluu yomangira wotchi kukhoma. Pakhomo pa ana, chinthu chachitali chonchi chosamangirira ndi ngozi.

Mukaimika wotchi, ikani levulo, kenako tcherani khutu. Kugunda kukamamveka ngati munthu wotsimphina, wotchi yapendekera. Ikani kathabwa pansi pa mbali imodzi mpaka kugunda kufanane. Wotchi ikamathamanga, masulani pang'ono nati ya kunsi kwa pendulamu, ikamachedwa, imangeni.

Katoni ndi pensulo n'zotsika mtengo, mlombwa ayi. Lakwitsani pa katoni, osati pa thabwa.