Mwana wa mayi amene ali ndi HIV ayamwe mpaka liti?

Mukayamba ntchito kusikelo ya ana ku Chimwemwe, ku Ndeke kapena ku Lubuto m'dziko la Zambia, funso limene muzilimva kawirikawiri, m'Chibemba ndi m'Chinyanja momwe, ndi lakuti: mwanayu ndimuletse liti kuyamwa? Mayi amafuna mumutchulire mwezi. Musanautchule, fufuzani kaye mmene akumwera ma ARV, pakuti chitetezo cha mwana chagona pamenepo.

1. Dziwani kumene mantha anachokera. Cha m'ma 2000, pamene Ndola Demonstration Project inkaphunzitsa anamwino uphungu wa kadyetsedwe ka makanda, ma ARV anali asanafike m'makiliniki. Malangizo a nthawi imeneyo anali akuti mwana aletsedwe msanga. Amayi amene anamva zimenezo lero ndi agogo ndi apongozi, ndipo mawu awo kunyumba amalemera kuposa anu. Aitaneni adzamve nawo, koma pokhapokha mayiyo atavomera, poti ena sanaulule kwawo.

2. Sungani umboni uwu m'mutu. Kafukufuku wa Zambia Exclusive Breastfeeding Study, amene anachitikira ku Lusaka n'kufalitsidwa mu 2008, anatsata amayi 958. Ena analetsa ana mwadzidzidzi pa miyezi 4, ena anapitiriza. Pofika miyezi 24, chiwerengero cha ana amoyo opanda kachilombo sichinasiyane kwenikweni. Amene anapulumuka ku HIV chifukwa choletsedwa msanga anali pangozi ya matenda ena, ndipo mwa ana amene anali atatenga kale kachilombo, oletsedwa msanga ndi amene anamwalira ambiri.

3. Nenani malangizo a lero momveka. Mu 2013 Zambia inatengera njira ya Option B+, imene Malawi inayamba mu 2011: mayi woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi HIV amayamba ma ARV a moyo wonse. Mu 2016 bungwe la WHO linati mayi wotereyu ayamwitse mwakathithi, kutanthauza bere lokha popanda madzi kapena phala, kwa miyezi 6. Kenako awonjezere zakudya, n'kupitiriza bere kosachepera miyezi 12, ngakhale kufika miyezi 24 kapena kupitirira.

4. Onani viral load, kumene ndi kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Amayi ambiri amamwa mankhwala mokhulupirika ali ndi pakati, n'kuyamba kudumphitsa mwana atabadwa. Zotsatira zikakwera, musathamangire kuletsa bere. Funsani chimene chavuta, limbikitsani kamwedwe, dziwitsani dokotala za mankhwala oteteza mwana, ndipo mudzapimenso. Mayi amene analibe kachilombo ali ndi pakati naye azipimidwa nthawi yonse yoyamwitsa, chifukwa wongotenga kumene amapatsira mwana mosavuta.

5. Funsani mmene tsiku la mayi limayendera. Wogulitsa pa msika wa Chisokone kapena wa Masala amasiyira mwana mchemwali wake, amene amamupatsa phala lamadzi akalira. Phunzitsani mayiyo kufinya mkaka m'kapu yoyera. Akavomera kuti wasakaniza kale, musamukalipire: ngati akumwa ma ARV, chimenecho si chifukwa chosiyira bere. Mkaka wa m'chitini umafuna madzi owiritsa, makala ndi ndalama zosadukiza, ndipo ukayamba kuchepa amausungunula ndi madzi ambiri.

6. Kuletsa kukhale kwa pang'onopang'ono, kwa mwezi wathunthu. Kupaka tsabola kubere kapena kutumiza mwana kwa agogo tsiku limodzi kumatupitsa mabere, ndipo kachilombo kamachuluka mumkaka. Mwana akabwerera kubere lotero, ngozi imakula. Ambiri amaletsa chonchi akazindikira kuti ali ndi pakati pena, poganiza kuti mkaka wawonongeka, choncho nkhani ya kulera muiyambe msanga. Bere lotupa kapena la zilonda lifinyidwe ndi kuchizidwa, mwana aziyamwa linalo.

7. Musatseke fayilo msanga. Mwana amapimidwa ndi PCR, njira yofufuza kachilombo kenikeniko m'madontho a magazi, akangobadwa ndiponso pa masabata 6, pamene amayambanso kumwa mankhwala a Septrin. Pamakhala kupima kwina pakati, koma kotsiriza kumachitika pakapita nthawi mwana atasiyiratu kuyamwa. Ana ambiri amasowa asanafike pamenepo, makamaka banja likasamuka komboni kapena ntchito ya pamgodi ikatha. Lembani pakhadi la sikelo tsiku limene mwana analetsedwa, tengani manambala awiri a foni, ndipo mayi akaphonya tsiku lake mumutsate sabata yomweyo.