Mankhwala a Kumunda Sasankha Mbozi ndi Munthu

Kwa bambo, mayi, agogo ndi aliyense wogwira khasu

Munthu akabwera kudimba komwe amapopera matimati, n'kuyamba kudandaula mutu, chizungulire ndi nseru, pakhomo timathamangira kunena kuti ndi malungo. Ena amati lamuomba dzuwa. Timamugulira panado pagolosale, iye n'kugona, m'mawa mwake n'kuberekanso sipuleya yomwe ija yodontha kumsana. Tisanatchule malungo, tiziyamba tafunsa kuti: kodi munthuyu wagwira chiyani lero?

Kale mankhwala opopera ankadziwika kwambiri kwa alimi a thonje ndi fodya. Zinthu zinasintha pamene ntchemberezandonda zachilendo zija zinalowa m'minda yathu m'nyengo ya 2016/2017. Pofika Disembala 2017, boma linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 agweredwa tsoka chifukwa cha mbozizi. Kuchokera apo ngakhale chimanga tikuchipopera, ndipo ena asiya kupalira, akudalira mankhwala ophera udzu. Botolo la chiphe tsopano lili m'nyumba zomwe sizinalisungepo chiyambire.

Khungu limamwa

Ambirife timaganiza kuti chiphe chimalowera pakamwa basi. N'chifukwa chake mumaona bambo atadzimanga kansalu pamphuno koma ali chifuwa pamtunda, miyendo ili bii ndi mankhwala. Kwa munthu wopopera, khomo lalikulu la chiphe ndi khungu, ndipo khungu lotentha, la thukuta, limamwa msanga. Sipuleya yodontha imanyowetsa malaya, malayawo n'kukhala ngati chigamba chothira mankhwala m'thupi tsiku lonse.

Nthawi yoopsa kuposa zonse ndi yosakaniza, pamene mankhwala akadali okhathamira asanakumane ndi madzi. Takasani ndi mtengo, osati ndi dzanja. Kamwa ya sipuleya ikatsekeka musaipemerere ndi pakamwa panu. Ichotseni, muitsuke m'madzi, muitokose ndi kaudzu kofewa. Kuwaza mankhwala ndi tsache kapena masamba kuchokera mundowa, monga achitira ena amene alibe sipuleya, ndiko kusamba chiphe.

Sitikunena kuti aliyense angakwanitse ovolosi ya kusitolo. Koma malaya a manja aatali, buluku, chipewa ndi jombo zimatchinga kwambiri, bola buluku likhale kunja kwa jombo kuti mankhwala asatsikire kuphazi. Magolovesi akhale a labala, chifukwa a nsalu amamwa mankhwala n'kuwasunga pakhungu. Pepala la pulasitiki loyala kumsana, pansi pa sipuleya, silifuna ndalama zambiri. Poperani m'mawa kapena dzuwa litapendeka, kopanda mphepo yamphamvu, ndipo kamphepo kakakhalapo kazikankhira mankhwala kutali ndi inu. Musadye, musasute, musafwenthe fodya wamphuno muli pantchitoyi.

Mukaweruka sambani thupi lonse ndi sopo musananyamule mwana, musanakhale pamphasa. Zovala zopoperera zichapidwe pazokha, kutali ndi mjigo, chitsime ndi mtsinje. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asapopere, asasakanize, asachape zovalazi. Mwana naye ntchitoyi si yake, ngakhale kungotumidwa kukatunga madzi othira m'sipuleya.

Pabotolo palembedwanji?

Malinga ndi lamulo la chaka cha 2000, mankhwala ophera tizilombo ogulitsidwa m'Malawi amayenera kulembetsedwa ku bungwe la Pesticides Control Board, lomwe likulu lake lili ku Bvumbwe. Gulani kwa wogulitsa wachiphaso, m'botolo lake lenileni lomata bwino. Mabotolo ambiri ali ndi mzere wa mtundu chakumunsi: wofiira ndiye woopsa kwambiri, kutsatira wachikasu, wabuluu, kenako wobiriwira. Wobiriwirawo sakutanthauza kuti ndi thobwa ayi. Mankhwala opungulira m'timabotolo topanda dzina, ogulitsidwa pamphasa tsiku lamsika, asiyeni. Mukadwala nawo, dokotala sadziwa kuti akulimbana ndi chiyani.

Muyezo wolembedwa ndi womwewo. Kuwonjezera chivindikiro china poti "mbozi za chaka chino n'zouma mutu" kumangotha ndalama ndi thanzi lanu. Palembedwanso masiku oyenera kudikira musanakolole. Amene amapopera matimati kapena repu dzulo lero n'kupita nazo kumsika akudyetsa anzake chiphe, ndipo ndiwo zomwezo zimaphikidwanso kwake. Ngati zilembo zikukuvutani, mlangizi wa zaulimi alipo chifukwa cha zomwezi.

Chiphe chimapha kunyumba

Apa ndipo tikufuna mumvetsere, chifukwa kumunda munthu amadwala pang'onopang'ono, pamene kunyumba amatha kufa tsiku lomwelo.

Mankhwala otsala timakonda kuwathira m'botolo la Fanta kapena la Sobo, n'kuika pansi pa bedi kapena pawindo. Mwana wa zaka 3 sawerenga, amadziwa botolo. Bambo wobwera usiku ataledzera nayenso amapapasa botolo. Mankhwala ena sapereka mpata wachiwiri: paraquat, wophera udzu amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Gramoxone, amawononga mapapo, alibe mankhwala omusukulutsa, ndipo kumwako kamodzi kokha kutha kupha munthu wamkulu. Tameki uja wogulitsidwa mobisa ngati mankhwala a makoswe ndi aldicarb, timibulu takuda tomwe mwana amatha kutola ngati chakudya. Makoswe tcherani misampha, sungani mphaka.

Mankhwala onse akhale m'botolo lawo, m'bokosi lokhoma ndi loko, kutali ndi ufa, mchere ndi mafuta ophikira, ndiponso osati m'chipinda chogona. Lokoyo ali ndi ntchito inanso yomwe sitikonda kuikamba. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti pa anthu asanu alionse odzipha padziko, pafupifupi mmodzi amamwa mankhwala ophera tizilombo. Ambiri mwa iwo amachita izi mkwiyo kapena chisoni chitangowagwira, pambuyo pa mkangano wa m'banja kapena ngongole yakanika, botolo n'kupezeka pafupi. Likakhala lokhomeredwa, mtima umapeza nthawi yotsika. Mukaona wachibale wasweka mtima, akulankhula zotsanzika, sungani kiyi ndinu, khalani naye pafupi, mupite naye kuchipatala akalandire uphungu.

Posunga chimanga, mankhwala a fumbi monga Actellic athiridwe pa muyezo wake, panja, mutatchinga mphuno ndi pakamwa. Koma mapilitsi oika m'matumba aja, a aluminium phosphide, ndi nkhani ina. Akakhudzana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wakupha umene umadutsa m'thumba n'kudzaza chipinda. Poti masiku ano, poopa akuba, matumba timagona nawo m'nyumba m'malo mwa nkhokwe, banja lonse limapuma mpweyawo usiku, ndipo ana ndiwo amayamba kugonja. Mapilitsiwa ndi a anthu ophunzitsidwa, ogwira ntchito m'nyumba zosungiramo katundu momwe simugona munthu. Pakhomo, matumba osalowa mpweya monga a PICS amapha anankafumbwe powamana mpweya, popanda mankhwala alionse.

Chigubu chikatha, chitsukuluzeni katatu, madziwo muthire m'sipuleya, kenako muchiboole. Inde chimaoneka chokongola, choyenera kutungira madzi kapena kusungira mchere, koma pulasitiki imasunga mankhwala ngakhale mutatsuka ndi mchenga.

Fodya wonyowa

Ku Kasungu, Mchinji, Dowa, Rumphi ndi kwina kolima fodya kuli matenda ena obwera popanda botolo. Tsamba laliwisi la fodya likanyowa ndi mame, mvula kapena thukuta, chikonga chake chimasungunuka n'kulowa pakhungu la wothyola, makamaka m'manja ndi m'khwapa momwe timapanira masamba. Pakapita maola ochepa munthu amamva nseru, kusanza, mutu, chizungulire ndi kufooka. Lipoti la bungwe la Plan International la 2009 linati mwana wogwira ntchito m'munda wa fodya m'Malawi atha kulowetsa m'thupi mamiligalamu 54 a chikonga pa tsiku, ngati wasuta ndudu 50.

Dikirani mame akamuke musanalowe m'munda. Valani malaya a manja aatali, ndipo akanyowa sinthani, musadikire kuti aumire pathupi. Wodwala achoke m'munda, avule zonyowazo, asambe ndi sopo, amwe madzi ambiri, apume. Nthawi zambiri zimatha pa tsiku limodzi mpaka atatu. Koma samalani: zizindikirozi zimafanana ndi za malungo komanso za mankhwala opopera, choncho ngati kusanza sikuleka, thupi latentha, kapena m'mundamo munapoperedwa posachedwa, pitani kuchipatala. Ana asathyole, asanyamule, asasoke fodya wamuwisi m'chigafa.

Ngozi ikachitika

Mankhwala ambiri ophera mbozi, monga dimethoate ndi chlorpyrifos, komanso tameki, amadziwika ndi zizindikiro izi: dovu lochuluka kapena thovu kukamwa, thukuta losaleka, misozi, kusanza, kutsegula m'mimba, minofu kunjenjemera, mwana wa diso kuchepa ngati kansonga ka singano, ndi kubanika. Cypermethrin amakonda kuyabwa ndi kuwotcha kumaso.

Muchotseni munthuyo pamalopo apume mpweya wabwino. Muvuleni zovala zonse zonyowa, inu mutavala majumbo kumanja, mumusambitse ndi madzi ambiri ndi sopo. Ngati mankhwala agwera m'maso, thirani madzi oyera mosalekeza kwa mphindi 15.

Ngati wamwa, musamusanzitse. Masanzi amatha kulowa m'mapapo n'kumupha msanga kuposa chiphecho. Za mkaka, mazira aawisi ndi mafuta ophikira tinazimva tonse kwa akuluakulu, koma sizisukulutsa chiphe. Zimangodya nthawi, ndipo mafutawo amatha kuthandiza mankhwala ena kulowa m'magazi. Wokomoka asamwetsedwe kanthu, agonekedwe chammbali kuti dovu lizituluka. Pezani kabaza, ngolo kapena galimoto nthawi yomweyo, ngakhale wodwalayo akunena kuti ali bwino, chifukwa mankhwala ena amayamba kuluma patapita maola. Nyamulani botolo kapena pepala lake. Kuchipatala kuli jakisoni wa atropine amene amapulumutsa omwa mankhwala a gulu la dimethoate ndi tameki akafika msanga, ndipo botololo ndi limene limauza dokotala chochita.

Paganyu ndi paesiteti

Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pantchito la 1997 limalamula olemba ntchito kuteteza antchito awo, ndipo lamulo la chipepeso la 2000 limapereka mwayi wa chipukutamisozi kwa wovulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito. Malamulo a dziko lino salolanso mwana wosakwana zaka 18 kugwira ntchito yoika moyo wake pachiswe. Mukapatsidwa sipuleya popanda zodzitetezera, funsani. Mukakanizidwa, kadandauleni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Inunso amene mumalemba mnzanu ganyu yopopera ekala imodzi, m'patseni jombo, magolovesi, sopo ndi madzi osamba.

Musanagone lero, suzumirani pansi pa bedi, pawindo ndi kuseri kwa matumba. Botolo lililonse lomwe mupeze likalowe m'bokosi lokhoma, ndipo lopanda dzina mukalionetse kwa mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo wa m'dera lanu.