Madzi Akatseka Chipatala cha Makhanga: Mafunso ndi Mayankho

Mu Januwale 2015 mitsinje ya Ruo ndi Shire itasefukira, Makhanga inasanduka chilumba, moti achipatala a bungwe la MSF ankafikako pa helikopita. Mu Malichi 2019 madzi analowanso m'chipatala, ntchito n'kuima. Namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anasakazanso derali. Kabuku kano kalembedwa chifukwa mabanja ambiri kwa Mlolo amagoneka wodwala pakhomo nthawi ngati zimenezi, poopa kuti kwina kulikonse akawauza kuti alipire.

Kodi thandizo lapafupi limapezeka kuti?

Kwa mlangizi wa zaumoyo. Amene ali ndi kiliniki ya m'mudzi amathandiza ana osakwana zaka 5 odwala malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Palinso Chipatala cha pa Foni, chomwe kuimbira kwake ndi kwaulere.

Nanga wodwala mwakayakaya apite kuti?

Chipatala chachikulu chapafupi ndi Trinity ku Muona, tsidya lomwelino la Shire. Cha boma ku Nsanje chili kutsidya, ndipo chidukireni njira ya ku Chiromo mu 1997, wopita kumeneko kawirikawiri amayamba wakwera bwato mpaka ku Bangula.

Kodi ku Trinity si kolipira?

Apa ndi pamene pagona mantha a ambiri, ndipo mantha ake ndi omveka kwa munthu amene chimanga chake chapita ndi madzi. Trinity ndi chipatala cha mishoni ya Katolika, cha m'bungwe la CHAM, ndipo zipatala zotere zimalipiritsa. Komabe kumene kulibe chipatala cha boma pafupi, Unduna wa Zaumoyo umachita mgwirizano ndi zipatala za CHAM kuti boma lizilipirira thandizo lina, makamaka la amayi oyembekezera ndi makanda. Mgwirizanowu sukhudza matenda onse, ndipo zomwe zili m'menemo zimatha kusintha chaka ndi chaka. Choncho sitingalonjeze kuti aliyense akathandizidwa ulere. Chanzeru n'kufunsiratu kwa mlangizi mvula isanayambe, ndi kusunga buku la kuchipatala m'pepala la pulasitiki.

Mayi woyembekezera matenda akayamba usiku, madzi atadzaza, atani?

Zoona zake n'zakuti usiku wotero njira zabwino zimakhala zitatha kale. Bwato la mumdima lili ndi zoopsa zake: mkokomo wa madzi, ng'ona ndi mvuu. Mayi amene akutaya magazi atachira angathe kumwalira m'maola ochepa, ndipo wofunika opareshoni sangathandizike pamsasa wa othawa madzi. N'chifukwa chake anamwino kusikelo amalimbikira kuti mayi amene mwezi wake ukugwera pakati pa Januwale ndi Malichi apite kuchidikiro masiku akadalipo. Amuna ena amadandaula za ufa ndi nkhuni za wodikirira. Dandaulo lake ndi loona, koma silingafanane ndi kunyamula mayi pamachira m'matope ofika m'chiuno.

Kodi ambulansi ndi bwato n'zolipira?

Ambulansi ya boma siyenera kulipiritsa, ngakhale kuti ikhoza kuchedwa chifukwa cha mafuta kapena msewu woduka. Mabwato a asilikali ndi a mabungwe opulumutsa anthu pa nthawi ya ngozi salipiritsa, koma sakhalitsa. Bwato la munthu wamba ndi kabaza n'zolipira, ndipo mtengo umakonda kukwera madzi akachuluka. Mudzi umene uli ndi thumba lake la ndalama za maulendo oterewa suchedwa kunyamuka.

Tamva, koma wopanda ndi kakobiri komwe sakam'bweza pageti?

Funsoli limabwera mobwerezabwereza. Amene ali pakati pa moyo ndi imfa ayenera kuthandizidwa kaye, za ndalama n'kukambirana pambuyo, ngakhale kuti mwina banja lingatsale ndi ngongole. Amene wabwezedwa akanene kwa komiti yoyang'anira chipatala kapena ku ofesi ya zaumoyo kuboma. Mwana akayamba kukomoka, munthu akamatsegula m'mimba ngati madzi ampunga, kapena mayi wapakati akaona magazi, nyamukani nthawi yomweyo, ndalama zilipo kapena palibe.