Kunyamula nsomba ndi zakudya zozizira kupita nazo kunja

Chakudya chozizira chikamadutsa malire a mayiko chimakumana ndi zopinga ziwiri: lamulo la dziko limene chikupita, ndi kutentha kwa m'njira. Ambiri amatanganidwa ndi chachiwirichi, kusaka mabokosi ndi ayezi, osayamba afunsa ngati chakudyacho n'chololedwa. Komatu nyama ikhoza kufika pa bwalo la ndege ili gwa, yosasungunuka n'pang'ono pomwe, n'kulandidwa ndithu.

Ku England, Scotland ndi Wales, munthu wochokera ku Malawi saloledwa kulowa ndi nyama ya mtundu uliwonse, kaya yaiwisi, yophika, yowamba kapena youmitsa mufiriji. Soseji, mang'ina, nkhuku ya lokolo ndi mbewa zonse zili m'gulu lomweli, pamodzi ndi mkaka ndi zopangidwa kuchokera ku mkaka monga chambiko. Nsomba ndiyo ili ndi mwayi. Munthu mmodzi amaloledwa makilogalamu 20, yaiwisi ikhale yotumbula, ndipo youma, yowamba ndi yophika imawerengeredwa pa mulingo womwewo. Uchi ndi tizilombo todyedwa monga ngumbi malire ake ndi makilogalamu 2. Mayiko a European Union, kuphatikizapo Ireland, nawo amaletsa nyama ndi mkaka koma amalola nsomba yokwana makilogalamu 20.

Kukhwima kwa malamulowa kuli ndi chifukwa chake. Mu 2001 matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi anabuka ku Britain, ndipo ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa pofuna kuwathetsa. Anayambira pa khola la nkhumba zimene zinkadyetsedwa zakudya zotsala. Kachilombo ka matendawa sikafa ndi chisanu, ndipo ka chigodola cha nkhumba, chimene alimi a ku Malawi amachidziwa bwino, kamakhala miyezi yambiri m'nyama youmitsa mufiriji. Choncho kuumitsa nyama sikuichotsera mlandu. Kuyambira mu Epulo 2025 dziko la Britain linaletsanso apaulendo kulowa ndi nyama ya ng'ombe, nkhosa, mbuzi ndi nkhumba komanso mkaka kuchokera ku mayiko a European Union, kotero Mmalawi wa ku Dublin amene akukachezera mbale wake ku Manchester chiletsochi chimamukhudza.

Amene wafika ndi chinthu chokayikitsa achite bwino kudutsa pa njira yofiira, ya anthu amene ali ndi katundu wofunika kunenedwa, n'kuchionetsa kwa akasitomu. Chikakhala choletsedwa amachilanda n'kukachiwononga, basi. Wobisa akagwidwa, ku England chindapusa chimatha kufika £5,000, mwinanso mpaka kukhoti. Ku United States lamulo n'lakuti chakudya chilichonse chinenedwe polowa, ngakhale chololedwa. Ku South Africa nyama ndi zina zochokera ku ziweto zimafuna chilolezo cha nthambi yoona za ziweto ya dzikolo, chimene chimapemphedwa katundu asananyamuke. Malamulowa amasintha kukabuka mliri, ndiye m'pofunika kuwaonanso pa tsamba la boma la dzikolo ulendo uliwonse, osadalira zimene ananena mnzako amene anayenda chaka chatha.

Lamulo likalola, ntchito yatsala ndi ya chisanu. Chakudya choumitsa chimafunika madigiri 18 pansi pa ziro, chongoziziritsa chisapitirire madigiri 5. Pamwamba pa apo tizilombo toyambitsa matenda timaswana mofulumira. Firiji siipha tizilomboti, imangotigoneka, ndipo nsomba ikayamba kufunda timapitiriza pamene tinalekezera. N'chifukwa chake ubwino wa chambo umayambira pogula. Chambo chatsopano chimakhala ndi maso owala otukuka, ndipo mnofu wake ukaudinikiza ndi chala umabwerera. Chimene chakhala m'firiji ya pa sitolo yozimazima magetsi chikhoza kukhala chitasungunuka n'kuumanso kangapo, ndipo chizindikiro chake ndi madzi amagazi oundana pansi pa pepala. Chotere sichoyenera ulendo wautali. Obwera kumudzi pa Khrisimasi akumbukirenso kuti kumapeto kwa chaka ndi nyengo imene boma limaletsa usodzi wina pa nyanja ya Malawi kuti chambo chiswane.

Nsombayo aitumbule tsiku lomwelo, aipale mamba, aitsuke ndi madzi abwino n'kuipukuta. Iliyonse ikulungidwe payokha m'pulasitiki wochindikala, mpweya aufinye utuluke, kenaka ilowe m'jumbo lachiwiri. Zipsepse za chambo zimaboola pulasitiki, choncho n'kwanzeru kuzidula. Ikhale mufiriji masiku awiri kapena atatu kuti iume mpaka m'kati, chifukwa ya usiku umodzi imalimba kunja kokha. Ituluke mufiriji pa nthawi yonyamuka, ilongedzedwe mothithikana m'bokosi losunga chisanu, mipata yonse itsekedwe ndi nyuzipepala. Bokosi lodzaza limasunga chisanu nthawi yaitali kuposa lokhala ndi mpata, pakuti nsomba zouma gwazo zimaziziritsana zokha.

Kutalika kwa ulendo kumafunika kuwerengedwa moona mtima. Kuchokera pa bwalo la Kamuzu kapena la Chileka palibe ndege yolunjika ku Ulaya. Munthu amasintha ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Kuwerengera kuyambe pamene nsomba yatuluka mufiriji ku Area 25 kapena ku Ndirande, kuthere pamene yalowa mufiriji ina ku Leeds, ndipo nthawi imeneyi imakwana tsiku lathunthu kapena kupitirira. Sutikesi ikatsalira m'njira, zimene zimachitika, nsomba yaiwisi yatayika.

Ayezi wamba makampani ambiri a ndege amamukana chifukwa akasungunuka amanyowetsa katundu wa ena. Timapaketi toundana ta mankhwala timagwira ntchito bwino m'katundu wopita pansi pa ndege. Palinso dry ice, amene ndi mpweya wa carbon dioxide woundana, wozizira pafupifupi madigiri 78 pansi pa ziro. Sasanduka madzi, amangouluka ngati nthunzi. Malamulo a ndege amalola makilogalamu 2.5 pa munthu, kampani ya ndegeyo itavomereza kaye, bokosi litalembedwa kuti muli dry ice, ndiponso lili ndi potulukira mpweya, chifukwa lotsekedwa kotheratu limatha kuphulika. Sagwiridwa ndi manja osavala kanthu; amawotcha khungu.

Njira ya basi yopita ku Joni ndi yovuta kwambiri pa zonse. Basi imadutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ulendo woposa tsiku limodzi, ndipo mizere ya pa zipata imautalikitsa. Katundu amakhala m'ngolo kapena kunsi kwa basi, pa dzuwa la ku Tete. Pa njira imeneyi usipa wouma, utaka ndi kampango wowamba ndizo zodalirika, malinga zitauma mokwanira. Zikakulungidwa m'pulasitiki zidakali ndi chinyontho zimachita nkhungu.

Kutumiza pa phasulo sikuzemba lamulo: nyama ndi mkaka zoletsedwa m'sutikesi n'zoletsedwanso pa positi, ndipo makampani ambiri otumiza katundu salandira zakudya zosachedwa kuwonongeka. Wofuna kugulitsa ndiye ali pa malamulo ena. Makilogalamu 20 aja ndi a pakhomo, osati a malonda. Nsomba yamalonda yolowa ku Britain kapena ku European Union iyenera kuchokera ku dziko ndi fakitale zovomerezeka ndi mayikowo, ikhale ndi chiphaso cha zaumoyo chosainidwa ndi boma la kumene yachokera, ndipo idutse pa chipata choyezera zakudya chimene chadziwitsidwa pasadakhale.

Katundu akafika, bokosi litsekulidwe nthawi yomweyo. Nsomba imene idakali yolimba ibwerere mufiriji. Imene yafewa koma ikuzizirabe ngati yochokera mufiriji iphikidwe tsiku lomwelo. Imene yafunda, yoterera kapena yofufuma pamimba itayidwe, ngakhale inachokera kutali ndipo inadya ndalama zambiri. Kununkhiza pakokha sikokwanira, popeza tizilombo tina totsekula m'mimba sitisintha fungo la chakudya, ndipo poizoni wa tina satha ngakhale ndi kuphika.