Bwezani taiming'i musanatsegule botolo la nitrous

Injini ikamathamanga ndi nitrous oxide, pulagi iyenera kuthetheka mochedwerapo kusiyana ndi masiku onse. Gasi ameneyu akatentha kufika madigiri pafupifupi 300 Celsius amasweka n'kutulutsa okosijeni wambiri: magawo 36 pa 100 a kulemera kwake, pomwe mpweya timapumawu uli ndi 23 okha. Petulo amapsa mwachangu, ndipo taiming'i ikasiyidwa pakale, kuphulikako kumakankha pisitoni isanamalize kukwera. Mapisitoni amabooka motero, gasiketi ya hedi n'kupsa.

Yambani botolo lili chitsekere. Injini ikatentha, zulani payipi ya vacuum pa distributor, walitsani timing light pa zizindikiro za pa pulley ya crank, ndipo kwezani ma rev mpaka chizindikiro chisiye kusuntha. Nambala ya madigiri yomwe chaimapo ilembeni papepala. Musadalire ya pa idle, chifukwa nitrous sagwira ntchito pamenepo.

Kenako werengerani. Amakaniko a galimoto za mpikisano amabweza madigiri 2 pa 50 hp iliyonse yomwe nitrous akuwonjezera. Ngati munapeza madigiri 34 pisitoni isanafike pamwamba penipeni, ndipo ma jet anu a nitrous ndi a 100 hp, tsikirani pa 30. Ine ndingachotsenso ena 2 pa ulendo woyamba, makamaka ngati petulo ndi wa pa filling station wamba. Kuchedwetsa mopitirirako pang'ono kumangokudyerani mphamvu pang'ono. Kufulumizitsa kumakudyerani injini.

Pobweza taiming'i, mukhoza kumasula bawuti n'kupotoza distributor, koma galimoto idzakhala yaulesi nthawi yonse imene botolo lili lotseka. Njira yabwino ndi kabokosi kobweza taiming'i, monga ka MSD, kolumikizidwa ku waya wa solenoid ya nitrous kuti kazigwira pokhapokha nitrous akulowa. Pa galimoto ya ECU zimenezi zimasinthidwa pa kompyuta. Musayembekezere kuti knock sensor ikupulumutsani, imamva kugogoda kutachitika kale.

Mapulagi ikani ozizirirapo ndi sitepe imodzi kapena ziwiri, gap yake muichepetse kufika cha pa 0.8 mm. Botolo likhale pa 900 mpaka 950 psi, ndipo nitrous azilowa mutaponda moto mpaka pansi, ma rev atadutsa 3,000.

Tsopano yesani, pa dyno kapena pa bwalo la mpikisano, osati mumsewu wodutsa anthu. Thamangani kamodzi, zimitsani injini pompo osailola kulira pa idle, masulani mapulagi onse. Apa ndiye pofunika kudekha. Yang'anitsitsani kachitsulo kopindika ka kunsonga kwa pulagi: pali malo pomwe mtundu wake umasinthira chifukwa cha kutentha. Mzerewo ukakhala cha pokhota, zili bwino. Ukatsikira kufupi ndi mazinga, moto wafulumira, bwezaninso. Pa choyera cha pakati pa pulagi mukaona timadontho takuda ngati tsabola, kapena tonyezimira, injini ikugogoda, ndipo tonyezimirato ndi aluminiyamu wochoka pa pisitoni. Imani pomwepo, chotsani madigiri ena 2, muonenso ngati pampu ikupereka petulo wokwanira.

Mapulagi onse akatuluka oyera bwino, onjezerani digiri imodzi yokha pa ulendo uliwonse, n'kumawayang'ananso. Liwiro likasiya kukwera, bwererani digiri imodzi ndipo musakhudzenso taiming'i mpaka mutasintha ma jet kapena petulo.