Kumasulira Mawu Akuti "Capitao" pa Chiphaso cha Agogo

Wofufuza mbiri ya banja lake ku Mua sangadalire kalembera wa nthawi ya atsamunda. Kalembera wa 1931 ndi wa 1945 ankangowerenga chiwerengero cha anthu m'midzi. Choncho timadalira mabuku a ubatizo a pa Mishoni ya Mua, yomwe ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula mu 1902, komanso mapepala osungidwa m'mabanja.

Pa chiphaso cha ntchito cha agogo awo a mayi anga panalembedwa kuti "capitao". Kwathu ambiri amati agogowo anali kaputeni wa asilikali. Komatu mawuwa ndi ochokera ku Chipwitikizi, ndipo m'Chichewa timati kapitawo, kutanthauza woyang'anira antchito anzake. Chiphasocho n'cha 1934, pamene ankamanga njanji yodutsa pa Golomoti ndi Mtakataka, yomwe inafika ku Salima mu 1935. Izi zikusonyeza kuti agogowo ankatsogolera gulu la antchito a njanji, ataima pakati pa bwana wachizungu ndi abale awo.

Tisanamasulire mawu otere, tizidzifunsa mafunso atatu: analemba ndani, m'chiyankhulo chanji, nanga chaka chiti?